Musapereke ndalamazo musanapite kukaona malowo mvula ikugwa

Achimwene, malo a kumtunda kwa Chilobwe ku Blantyre amene mukufuna kugulawo ndikuwadziwa, ndipo nditangowerenga kuti wogulitsayo akuti "kumeneko madzi safika", manja anga anayamba kunjenjemera. Mawu omwewo ndi amene ife tinauzidwa mu 2017 pamene tinkagula poloti m'mphepete mwa phiri la Soche. Bambo amene anatigulitsa anati madzi amavutitsa anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene Shire ndi Ruo zimasefukira chaka ndi chaka, koma ife okhala pamtunda tizigona mtima uli m'malo. Tinakhulupirira chifukwa zinkamveka zanzeru, ndipo tinali titatopa ndi lendi.

Mvula ya namondwe wa Freddy inayamba Loweruka pa 11 Marichi 2023, ndipo inagwa usana ndi usiku osapuma. Pa wailesi a zanyengo anali atachenjeza kwa masiku angapo, ine ndinamva ndi makutu angawa, koma ndinkaganiza kuti akunena anthu a kuchigwa. Pofika Lamulungu madzulo magetsi anali atazima, khoma la kuchipinda kwa ana linali litanyowa mpaka pawindo, ndipo pansi pa simenti pankatuluka madzi ngati kasupe. Bambo a kunyumba anali ku ntchito yausiku m'tauni. Ndinali ndi ana anga awiri ndi mwana wa malemu mng'ono wanga, mnyamata wa zaka 9 amene ndinkamulera kuchokera ali wakhanda.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Silinali ngati bingu, linali ngati malole ambiri odzaza miyala akutsitsa katundu nthawi imodzi, ndipo nthaka inkanjenjemera pansi pa mphasa. Kenaka kunabwera fungo la dothi lofukulidwa kumene. Ndinabereka wamng'ono, ndinagwira wamkulu pa dzanja, ndipo mnyamatayo ndinamuuza kuti agwire chitenje changa asachisiye. Titatsegula chitseko, tochi ya foni inaonetsa kuti njira imene tinkadutsa tsiku ndi tsiku popita ku mpopi yasanduka mtsinje wa matope, ndipo m'matopemo munkayenda malata, mitengo ndi miyala ina yaikulu kuposa bafa yathu. Anthu ankakuwa mumdima, wina ankaitana mayina a ana ake mobwerezabwereza. Tinayesa kudutsa kuseri kwa nyumba ya anansi athu, matope anandifika m'chiuno, ndinaterereka n'kugwada, ndipo pamene ndinkadzuka ndinamva kuti chitenje chapepuka. Ndinatembenuka, ndinamuitana mpaka mawu anatha, koma sanayankhe. Anyamata ena anandikoka ndi ana awiriwo n'kutikweza pa chulu, pamene tinakhala mpaka kunacha mvula ikutimenya. Mwanayo anakapezeka Lachitatu kumunsi kwambiri, atafukulidwa ndi makasu ndi manja a anthu a m'dera lomwelo, ndipo tinakamuzindikira ku nyumba ya chisoni ya chipatala cha Queen Elizabeth chifukwa cha juzi ya sukulu imene anagona nayo poopa kuzizira.

Pa 13 Marichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi, ndipo kenaka dziko linalira maliro masiku 14. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Ine ndikamva manambala amenewa ndimangoona juzi ija.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti bambo anatigulitsa malo uja ankadziwa. Titakhala ku msasa wa pasukulu, agogo ena amene anabadwira m'deralo anandiuza kuti pamene tinamanga nyumba yathu panali khwawa kalekale, madzi ochokera m'phiri ankadutsa pomwepo, ndipo anthu anachita kukwirira ndi dothi ndi zinyalala kuti papezeke mapoloti. Wogulitsa uja anakulira pomwepo, khwawalo analiona ndi maso ake, komabe anatenga ndalama zathu zimene tinasunga zaka zinayi, ndipo amene anaika chidindo pa kalata yogulira malo analandira yawo osanena kanthu. Pa maliro wogulitsayo sanabwere. Chaka chisanathe ndinamva kuti wayambanso kuonetsa anthu malo kumtunda komweko, mwina ndi mawu omwe aja. Sindikunena kuti ndi yemweyo amene akukugulitsani inu, koma anthu a mtima umenewu ndi ambiri m'mapiri onse a mzinda uno, ku Soche, ku Ndirande, ku Bangwe ndi kwina. Ku msasa nakonso kunali ena amene ankalemba mayina a abale awo a nyumba zosagwa, ife ogona pa simenti ya m'kalasi n'kumalandira ufa ndi mabulangete pomalizira, koma zimenezo ndinazikhululukira. Za khwawa lija sindinathe.

Tinkaganiza kuti ngozi ya mvula ndi ya anthu a kuchigwa okha, koma chigawo chonse cha kummwera chili ndi vuto lake malinga ndi malo. Kuchigwa cha Shire madzi amakwera n'kumiza midzi. Kumapiri kumagwa napolo, ndipo makolo athu ankamudziwa: anagwa ku Zomba mu 1946, anagwanso ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi mu 1991, ndipo pa Freddy anagwa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi kuno ku Blantyre nthawi imodzi. Dothi la paphiri likamwa madzi masiku atatu kapena anayi limalemera n'kulekana ndi thanthwe limene lili pansi pake, ndiye limatsika lonse pamodzi ndi miyala, ndipo limatsata njira zakale za madzi ngakhale mutazikwirira. Phiri la Soche linali ndi nkhalango, koma mitengo inatha ndi makala, nkhuni ndi minda, choncho palibe mizu yogwira dothilo. Ndipo mvula yoteroyo siichedwanso kubwerera ngati kale. Tinaona madzi osefukira mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, pamene Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, kenaka Freddy chaka chotsatira.

Ndiye langizo langa ndi lakuti musagule. Koma ndikudziwanso kuti malo otetezeka mu mzinda muno mtengo wake si wa anthu ngati ife, ndipo ine ndemwe ndikukhalabe ku Chilobwe konkuno, pa lendi, kumunsi pang'ono, chifukwa ntchito ya bambo ndi sukulu ya ana zili pafupi. Poloti lathu lija sitinalisiye, ndimapitako kukadzala chimanga, ndipo nthawi zina timakambirana zomangaponso ndalama zikadzapezeka. Choncho ngati mwatsimikiza mtima, musapite kukaona malowo mu Okutobala pamene ponse pali pouma. Dikirani Januwale kapena Febuluwale, mukaime pamenepo mvula ikugwa, muone kumene madzi akudzera. Mukafunse agogo a m'deralo amene alibe phindu pa malondawo ngati panali khwawa kapena mtsinje. Mukaona miyala ikuluikulu yozungulira itamwazikana pamalopo, dziwani kuti inachita kugubuduka kuchokera kumtunda tsiku lina. Mukafunsenso ku khonsolo ya mzinda ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, chifukwa chidindo cha m'dera chokha sichikutetezani. Pomanga musagwiritse ntchito zidina ndi dothi, mangani ndi njerwa zootcha ndi simenti, maziko akhale ozama, ndipo mukumbe ngalande kumtunda kwa nyumba, ngakhale kuti ndinaona nyumba za simenti zolimba kuposa yathu zitafafanizika usiku womwe uja.

Ndipo a zanyengo kapena a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akangolengeza kuti kukubwera namondwe, tengani ana kudakali kowala mupite kwa abale, kutchalitchi kapena kusukulu, katundu mumusiye. Musadikire kuti mumve phokoso ngati mmene ndinachitira ine, chifukwa nthawi imeneyo kunja kumakhala kwada kale ndipo njira zonse zimakhala zitatsekeka.