Rating yatsika, chilakolako cha chess chathawa: yankho kwa m'bale wa ku Chikanda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wophunzira wina wa pa University of Malawi (kale Chancellor College) ku Zomba amene amagonera ku Chikanda. Akuti rating yake (nambala yoyezera mphamvu za wosewera) ya blitz, chess yothamanga ya mphindi zochepa, pa Lichess, malo osewerera chess pa intaneti, inali pafupi ndi 1700, pano ili m'ma 1500, ndipo akangoona bolodi pafoni mtima umachita ulesi. Funso lake ndi lakuti: "Kodi nzeru zanga zathera pomwepa? Ndingosiya?"

Achimwene, funso lanuli landigunda penipeni, chifukwa dzenje limeneli inenso ndinagonamo. Inali nthawi ya mvula, ndikukhala ku Matawale. Ndikaweruka ku ntchito, kudya nsima, basi pabedi ndi foni, masewera a mphindi 3 kuwonjezera masekondi 2 pa kusuntha kulikonse. Mvula ya kuno mukuidziwa, ikatsika m'phiri la Zomba sichedwa kutenga magetsi, netiweki nayo n'kuyamba kutsimphina. Tsiku lina ndinali ndi queen yaulere, mnzangayo atatsala ndi ma pawn okha, foni n'kungoti ikufunafuna intaneti. Pobwerera, wotchi yanga yatha, ndagonja. Mkwiyo wake! Ndinadina batani lofunira mdani wina nthawi yomweyo, ndinagonja. Ndinadinanso, ndinagonjanso. Mayi a kunyumba anadzuka pakati pa usiku n'kundifunsa kuti, "Kodi bambo, mukukangana ndi ndani?" Nambala inapitirira kutsika kwa milungu, mpaka ndinafika poti dzina la Lichess lokhalo linkandiwawitsa m'mimba.

Chimene chinandibweza chinali bambo wina wachikulire amene ndinamupeza pakhonde la sitolo kufupi ndi msika wa Zomba, ali ndi bolodi yakale, rook imodzi itasowa, m'malo mwake ayikapo chitsekerero cha botolo. Ankasewera modekha, akucheza ndi odutsa. Anandigonjetsa, kenaka anabweza zidutswa zonse pamene panali pakati pa masewera n'kundifunsa, "Apa posuntha kavaloyu mumafuna chiyani?" Ndinasowa yankho. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, tikungokambirana malo amodzi omwewo. Sanandifunse rating yanga, ndipo ndikukayika ngati nkhani imeneyo inkamukhudza n'komwe.

Tsono tiyeni tikambe za nambala imene ikukusowetsani tuloyi. Njira yoyezera mphamvu za osewera anaikonza Arpad Elo, mphunzitsi wa physics ku America, ndipo bungwe la FIDE, loyendetsa chess padziko lonse lapansi, linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Lichess imagwiritsa ntchito mtundu wina wotchedwa Glicko-2, wa Mark Glickman. Ntchito ya nambalayi ndi kulosera zotsatira ndi kukupezerani mnzanu wolingana naye mphamvu, basi. Munthu amene wakuposani ndi mapointi 100 amayembekezeka kutenga pafupifupi zigoli 64 pa 100 zilizonse mukamasewera naye, kutanthauza kuti inunso mumamudya kawirikawiri ndithu. Ndipo poti makinawo amakusakirani wofanana nanu, mudzapambana pafupifupi theka n'kugonja theka, kaya muli pa 900 kaya pa 2200. Mukasewera masewera mazanamazana, kugonja kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana kudzachitika ngakhale mutu wanu uli bwinobwino. Onjezanipo tulo, njala, mayeso ali pafupi ndi netiweki ya ku Chikanda, mapointi 150 kapena 200 apita osadziwa.

Apa ndinene mosabisa, ngakhale ena akwiye: blitz ya usiku, makamaka bullet ya mphindi imodzi ija, yasiyana pang'ono chabe ndi kubetcha mpira. Mnyamata waluza ndalama pa tikiti, sapita kwawo, akuti "ndibweze kaye." Inunso mwaluza mapointi 8, mukuti ndibweze kaye, ndipo masewera otsatirawo simukuyang'ananso bolodi, maso ali pa kanambala kapakona. Mukusinthanitsa zidutswa mwamantha, mukukana draw (kufanana mphamvu) yoonekeratu, mukuthamangitsa wotchi ya mnzanu m'malo mofunafuna kusuntha kwabwino. Anthu amene amati "sewerani masewera ambiri, mudzakwera" akunamiza ana. Masewera makumi atatu a blitz osabwerera kukawaona palibe chimene akuphunzitsani, mwangolimbitsa zizolowezi zomwe zija, bandulo ya intaneti n'kutha.

Za kutha kwa chilakolako, musadzione ngati wachilendo. Magnus Carlsen anafika pa 2882 mu 2014, rating yapamwamba kwambiri m'mbiri ya FIDE, ndipo iye mwini sanaiposenso. Mu 2022 ananena poyera kuti sadzateteza ukatswiri wa dziko lonse lapansi chifukwa analibe chilakolako chochita mpikisano winanso wotero. Ding Liren wa ku China anautenga ukatswiriwo mu 2023 atagonjetsa Ian Nepomniachtchi, kenaka masewera ake analowa pansi, ndipo analankhula yekha za kuvutika maganizo ndi kusowa tulo. Mu December 2024 ku Singapore anagonja kwa Gukesh wa ku India, mnyamata wa zaka 18. Anthu amenewa ali ndi aphunzitsi ndi makompyuta amphamvu. Inu muli nokha m'kachipinda ka lendi, foni ili pa chaja. Kusewera wekhawekha, popanda woseka naye pambuyo pa blunder (kusuntha kolakwika kwambiri), ndi kumene kumapha chikondi cha masewerawa msanga kuposa kugonja. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona achinyamata pa koleji yonse ija aliyense ali pa foni yake, akusewera ndi munthu wa ku Brazil, pamene wa chipinda choyandikana nacho amadziwanso chess.

Tsono muchite chiyani?

Musasiye, koma pumulani sabata imodzi osasewera za rating. Pobwerera yatsani Zen mode pa Lichess, imabisa manambala pamene mukusewera. Sinthani kupita ku rapid, mphindi 15 kuwonjezera masekondi 10, masewera awiri patsiku, ndipo mukagonja kawiri motsatizana tsekani foni. Masewera amene mwagonja muwaone kaye ndi mutu wanu, Stockfish, pulogalamu ya kompyuta younika masewera, ibwere pambuyo. Gulani kapena bwerekani bolodi, mupeze mnzanu pa koleji pomwepo, ndipo mukamva za mpikisano wa Chess Association of Malawi kuchigawo chino kalembetseni.

Chinthu chimodzi chokha musachite: kutsegula akaunti yatsopano kuti muyambirenso. Lichess idzakupatsani 1500 yokhala ndi chizindikiro cha funso, nambala idzadumphadumpha masiku oyambirira, kenaka idzakhazikika pomwe mphamvu zanu zili lero.