Chifukwa chake mapo tofu wanu sakuchititsa dzanzi

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake mapo tofu wanu, ndiwo ya ku China ya tsabola ndi tofu (chakudya chopangidwa kuchokera ku soya), akungowawa, osachititsa dzanzi pamilomo ngati wa kuchigawo cha Sichuan ku China. Vuto si tsabola ayi. Dzanzilo limachokera ku huajiao, makoko a tizipatso ta mtengo wa m'banja la malalanje. Ku China ankathira huajiao m'zakudya kalekale, tsabola asanafike kuchokera ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Ndipo si dera lililonse la China limaphika chonchi: ku Hunan amakonda tsabola wowawa kwambiri, pomwe ku Guangdong amafuna nsomba imveke kukoma kwake.

Yambani mwachotsa njere zakuda za m'kati mwa huajiao, chifukwa zimalumika ngati mchenga. Kazingani makokowo m'chiwaya chopanda mafuta pamoto wochepa kwa mphindi 2 kapena 3, mpaka fungo lituluke. Mukawapsereza, ndiwo yonse imamveka chakupsa. Sinjani bwinobwino, theka la supuni yaing'ono ya ufawo limakwana pa magalamu 400 a tofu. Muwaze pomaliza, mutaphula kale, chifukwa ukawira nthawi yaitali umatha mphamvu. Wokhalitsa miyezi m'botolo nawonso umakhala utazilala, choncho sinjani wongokwana tsikulo.

Doubanjiang, phala la nyemba ndi tsabola lomwe limathiridwa mu mapo tofu, likazingeni kaye m'mafuta pamoto wochepa mpaka mafutawo afiire.