Maselo a mbewa akakana kuyenda, musathamangire kudziimba mlandu

Achemwali amene mwandilembera kuchokera ku South Africa, funso lanu ndi lalifupi. Mukuchita Masters, ma neutrophil (mtundu wa maselo oyera a magazi) a mbewa akukana kuwoloka mu Transwell, kachipangizo kokhala ndi kasefa kamene maselo amayenera kudutsa, ndipo mwakhala mukuwakopa ndi IL-8 ya munthu imene munaipeza mufiriji ya mu labu; IL-8 ndi imodzi mwa ma chemokine, mapuloteni oitana maselo. Mukufunsa ngati kugula chemokine ya mbewa n'koyenera kapena n'kuwononga ndalama. Ndiyankha. Koma chandikhudza kwambiri ndi chiganizo chanu chomaliza, pamene mukuti mwina manja anu si a ntchito imeneyi.

Mawu amenewo ine ndinachita kuuzidwa pamaso ndi munthu wamkulu mu labu ina ku Britain kumene ndinkaphunzira. Ntchito yanga inali yonga yanuyo. M'mawa ndinkachotsa mafupa a m'ntchafu za mbewa, kudula nsonga zonse ziwiri, kulowetsa kasingano n'kukankha madzi mpaka mafuta ofiira a m'kati atuluke, fupa n'kutsala loyera mbee. Kenako kupatula ma neutrophil, kuwaika pamwamba pa kasefa, chemokine pansi, n'kuwasiya mu incubator. Ndikamawerenga madzulo, zii. Maselo a m'kachitsime kokhala ndi chemokine ankafanana ndi a m'kachitsime ka madzi okhaokha. Sabata inkatha, ina n'kubwera. Wamkuluyo ankangoti alipo anthu ena amene maselo sawamvera. Ndinkabwerera kunyumba kunja kutada kale, kukuzizira, ndipo ndinkapewa kuimbira foni amayi chifukwa mawu anga akanandiulula.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa technician, wachikulire ndithu. Anatenga kachubu kamene ndinapatsidwa, n'kufunsa kuti anakasungunula ndani ndiponso liti. Palibe ankadziwa. Zolemba pa kachubuko zinali zitafufutika, aliyense wodutsa ankakasungunula n'kukaumitsanso, ndipo m'madzi mwake munalibe BSA, puloteni yochokera m'magazi a ng'ombe imene imateteza chemokine. Chemokine ndi puloteni yaing'ono zedi, ndipo ikachepa m'madzi opanda puloteni ina imangomatirira ku pulasitiki. Kabotolo katsopano katafika, maselo anawoloka tsiku loyamba lomwelo, manja ali omwe aja.

Pamenepa ndilankhula mosabisa. Kupatsa wophunzira zotsalira za mufiriji, zopanda tsiku, zopanda dzina la amene anazikonza, kenako n'kumulola kuti azidzikayikira yekha, ndi kulakwa, ndipo wolakwa si wophunzirayo. Ife amene tinachokera kutali timagwa msanga mu msampha umenewu. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, timadziwa mtengo wa kabotolo kamodzi tikausandutsa makwacha, ndiye timaona ngati kupempha katsopano n'chipongwe. Miyezi ya munthu, mbewa zimene zaphedwa pachabe, tulo tosowa, zonsezo n'zodula kuposa ufa wa 10 µg.

Za IL-8 yanuyo, mfundo yake ndi iyi: mbewa ilibe jini ya IL-8, imene masiku ano imatchedwa CXCL8. Ntchito yoitana ma neutrophil mwa mbewa imagwiridwa ndi KC, MIP-2 ndi LIX, zimene mayina ake atsopano, kuyambira chaka cha 2000, ndi CXCL1, CXCL2 ndi CXCL5, ndipo zonsezi zimagogoda pa CXCR2, imene ndi receptor, kutanthauza puloteni ya pakhungu la selo yolandira uthenga. IL-8 ya munthu imagwirako pa CXCR2 ya mbewa, koma mofooka. Maselo ngakhale atayenda, mudzavutika kufotokoza kuti mwaphunzira chiyani za mbewayo, popeza thupi lake silipanga chinthu chimenecho. Sikuti chemokine iliyonse ndi yotero. CXCL12 ya munthu ndi ya mbewa zimasiyana pa amino acid imodzi yokha. Komanso mbewa nazo sizifanana: za C57BL/6, zimene ma labu ambiri amaweta, sizipanga CXCL11 yogwira ntchito.

Ndiye pali nkhani ya mmene mapuloteniwa amapangidwira. Ambiri amene mumagula ku PeproTech, R&D Systems kapena BioLegend amapangidwa poika jini ya mbewa mu bakiteriya wa E. coli. Bakiteriyayo ali ndi poizoni wotchedwa LPS, kapena kuti endotoxin, pakhungu lake, ndipo LPS imadzutsa ma neutrophil ndi maselo ena oteteza thupi otchedwa ma macrophage kudzera pa receptor ya TLR4 ngakhale itachepa kwambiri. N'chifukwa chake pepala lobwera ndi kabotolo limalemba kuchuluka kwa endotoxin, ndipo ndi lofunika kuliwerenga musanalitaye. Nsonga yoyambirira ya chemokine nayo ndi yosalimba. Enzyme ya CD26, imene imapezeka mu seramu (madzi a m'magazi), ikadula ma amino acid awiri okha kumayambiriro kwa CXCL12, chemokine imeneyi imasiya kuitana maselo. Chemokine ina, RANTES, ikatsalira amino acid imodzi ya methionine kutsogolo imasanduka chotsekereza receptor m'malo moidzutsa.

Wina angafunse kuti mwana wa ku Malawi akutayiranji nthawi ndi mbewa. Ine funso limeneli limandipweteka. Mu 1995 asayansi anapeza kuti ma chemokine a RANTES, MIP-1α ndi MIP-1β amalepheretsa kachilombo ka HIV, ndipo mu 1996 zinadziwika kuti CCR5 ndi CXCR4, ma receptor a chemokine, ndiwo makomo amene kachilomboka kamalowera m'maselo mothandizana ndi CD4. Mankhwala a maraviroc, ovomerezedwa mu 2007, amatseka CCR5. Wodwala wina dzina lake Timothy Ray Brown anachira HIV atalandira maselo a munthu wobadwa wopanda CCR5 yogwira ntchito. Puloteni ya Duffy, imene ambiri a ife kuno ku Africa tilibe pa maselo ofiira a magazi, nayonso ndi receptor ya chemokine, ndipo malungo a Plasmodium vivax amaigwiritsa ntchito polowa. Ndani wa ife sanaikepo m'bale chifukwa cha HIV kapena malungo? Nkhani imeneyi ndi yathu, ndipo sindifuna kuti titaye ngakhale wophunzira mmodzi chifukwa cha kachubu kakufa.

Nanga muchite chiyani?

Gulani CXCL1 kapena CXCL2 ya mbewa, ya ufa. Musanatsegule, zunguzani kabotoloko pa centrifuge kuti ufa utsikire pansi. Sungunulani monga pepala likunenera, onjezani BSA ya 0.1%, gawani m'timachubu ting'onoting'ono, lembani tsiku, sungani pa -80 °C, ndipo kamodzi kakasungunuka kasabwererenso. Kasefa ka ma neutrophil ndi ka mabowo a 3 µm. Ka 5 µm ndi ka maselo ena oyera, ma lymphocyte ndi ma monocyte. Seramu ichepe kapena isakhalemo.

Musayese mlingo umodzi wokha. Yambani pa 1 ng/ml muzikwera kakhumikakhumi mpaka 1000, chifukwa chemokine ikachuluka kwambiri maselo amasiya kuyenda. Zili ngati fungo la usipa wokazinga: muli panja mumalitsatira mpaka kukhitchini, koma likadzaza nyumba yonse simudziwanso kumene likuchokera. Pa chifukwa chomwecho ikani kachitsime kena kokhala ndi chemokine yofanana pamwamba ndi pansi, kuti musiyanitse kuyenda kolunjika ndi kungoyendayenda. Pertussis toxin, poizoni wotseka uthenga wa ma receptor amenewa, ikuyenera kuletsa kuwolokako ngati kukudzeradi pa receptor ya chemokine. Kuti mudziwe ngati maselo anu ali moyo ndipo angathe kuyenda, gwiritsani ntchito zinthu zina zoitana ma neutrophil, LTB4 kapena C5a, osati fMLP, chifukwa ma neutrophil a mbewa amaimva mofooka kusiyana ndi a munthu.

LTB4 kapena C5a ngati ilipo mu labu, yesani sabata ino, musanagule kanthu. Maselo akawoloka pamenepo koma n'kukana pa IL-8, tengani manambalawo mupite nawo kwa supervisor wanu, mukapemphe kabotolo katsopano. Mukandiuze mmene ziyendere.