Yambirani kumene anamwalirira

Amayi, mwati agogo aakazi a kubanja la amuna anu anachoka ku Skye, chilumba cha ku Scotland, m'zaka za m'ma 1850 kupita ku Australia, ndipo chomwe mukudziwa ndi dzina loti Jessie basi. Musathamangire ku Scotland kaye. Yambirani kumene anamwalirira. Ngati kunali ku Victoria, chigawo china cha Australia, mwachita mwayi, chifukwa kuyambira 1853 chikalata cha imfa kumeneko chimatchula makolo a malemu, kumene anabadwira komanso zaka zomwe anakhala m'dzikomo. Pamenepo ndi pomwe mupeze dzina lomwe ankadziwika nalo asanakwatiwe, ndipo popanda limenelo mudzangotaya ndalama.

Mukalipeza, lowani pa ScotlandsPeople, tsamba la pa intaneti la National Records of Scotland ku Edinburgh. Kufufuza mayina n'kwaulere, mumalipira mukafuna kuona chikalata chenichenicho. Koma dziwani kuti boma la kumeneko linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1855. M'mbuyo mwakemo mudalira mabuku a mpingo wa Church of Scotland, ndipo a kuzilumba ambiri ndi operewera. Komanso mu 1843 mpingowu unagawikana, mabanja ochuluka a ku Skye anapita ku mpingo watsopano wa Free Church, ndiye mwana akasowa m'buku la parishi sikuti sanabadwe.

Dzinalo nalonso lisakupusitseni. Jessie nthawi zambiri amakhala Janet m'mabuku, monga Peggy amakhala Margaret. Mufufuze onse awiri. Kalembera wa 1851 ndiye wothandiza kwambiri, popeza amatchula parishi yomwe munthu anabadwira; wa 1841 ankatsitsa zaka za akuluakulu, wa zaka 29 n'kulembedwa 25.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ananso ndandanda wa Highland and Island Emigration Society. Bungweli linatumiza anthu pafupifupi 5,000 ku Australia pakati pa 1852 ndi 1857, njala itavuta chifukwa cha matenda a mbatata ya kachewere, ndipo ambiri mwa iwo anali a ku Skye komweko. M'menemo muli dzina la sitima, zaka za aliyense m'banja ndi dera lomwe anachokera. Pena pambali pali mawu a mlembi onena za umphawi wa banjalo, owawa kuwerenga. Ngati anapita ali kamtsikana, mumufunefune pansi pa dzina la bambo ake pamodzi ndi abale ake.