Funso la msuweni wanga la ndege za ku Saxonwold

Halo... eya, yayamba kujambula. Msuweni, ndine. Uthenga wako ndauona m'mawa ndili pamzere wa takisi, koma kulemba sindikanatha, zala zinali zitauma ndi chisanu chakunochi. Ndiye ndati ndingolankhula, enanso pagulu pano amve, asamati asuweni awiri aja amanong'onezana.

Walemba kuti... dikira ndiwerenge bwino, ungadzati ndakunamizira. Wati: "Asuweni, kumalo kwa ndege zakale za nkhondo kuja mumadutsako popita kuntchito, Loweruka amatsegula? Mungamutengeko mnyamatayu akaone? Ndalama ndikupatsani." Basi, ndi zimene walemba.

Ndalama undipatsa! Iweyo? Iwe amene ndinkakubereka kumbuyo popita kuchigayo, n'kundinyowetsera nsalu yanga yatsopano ya pa Khirisimasi, lero wakula mpaka kundilemba ganyu? Aaa, msuweni, Joni yakulowa m'mutu ndithu.

Amatsegula, eya. Loweruka amatsegula, mtengo wake uli pageti pomwepo, ndipo wa ana ndi wotsika. Koma usatseke, tamvera kaye.

Malowo ali ku Saxonwold, kuseri kwa zuu, msewu wake ndi Erlswold Way. Ukakwera takisi ya ku Randburg pa Bree imayenda mu Jan Smuts, iwe n'kutsika pa zuu, Zoo Lake ikakhala kumanzere kwako, kenako umazungulira mpandawo wapansi. Ndipo Jan Smuts yemweyo wa msewuyo ndi amene anatsegula malowo mu 1947, patangotha zaka ziwiri nkhondo yachiwiri itatha. Muli zambiri, akasinja, mizinga, mayunifolomu, mamendulo, koma mwana amathamangira kundege basi, ndinawaona ana akuntchito kwanga.

Ine ndinalowamo kamodzi... ayi ndanama, kawiri. Koyamba ndinaperekeza anawo. Ukalowa m'chishedi chachikulu chija umayamba wamva fungo, la oyilo wakale ndi fumbi, ngati m'galaja imene yakhala yotseka zaka. Muli ndege ina amaitcha Mosquito, udzudzu, chindege cha mainjini awiri koma thupi lake ndi matabwa, matabwa omata ndi guluu, msuweni, iwe kalipentala ukaone zimene anzako ankapanga. Muli Spitfire, pokhala woyendetsa m'pothina, sindikudziwa kuti munthu ankapumamo bwanji. Ndiye pali ya Ajeremani, Messerschmitt 262, ilibe pulopela, ndi ya jeti, ya anthu awiri, pamphuno pake pali mawaya otambalala ngati nyanga za mphalapala, ankasakira nawo ndege zinzake usiku. Ya mtundu umenewo yatsala imodzi yomweyo padziko lonse, azungu amachoka kutali kudzaijambula. Siziuluka, zonsezo zinapuma. Zakalamba, zina utoto wasuluka, ukayang'anitsitsa umaona pomwe anagamba. Koma zimakuyang'ana ngati nkhalamba zakhala pakhonde zikudikira wozifunsa.

Kachiwiri ndinapita ndekha, Lachinayi lina nditaweruka msanga. Ndipo chondibwezerako sichinali zonsezi ayi. Anali malume. Malume anga aakulu, bambo ako aakulu iwe, a ku Wenela aja, mzimu wawo uuse mumtendere. Chifukwa ulendo woyamba uja ndinaona ndege ya Dakota, mtundu umene iwo ankakwera, ndipo ana akundikoka sindinathe kuima bwino.

Ukukumbuka mmene ankafotokozera? Aaa, iwe unali wamng'ono, umangofuna mpunga wa m'mbale yawo. Madzulo tikamakonola chimanga, amatola chitsononkho, n'kubayamo kamtengo kopingasa, ndege yatha. Amayambira pa Wenela, pomwe timakwerera mabasi mu Blantyre paja, dzina lija linachokera kwa iwowo olemba anthu a kumigodi. Amati amakuvula malaya, kukuika pasikelo, kukumvetsera pachifuwa, ukapambana n'kudinda chala. Kenako lole mpaka ku Chileka. Ndiye amati: "Ndegeyo, ana inu, imakhala chonjuta, mphuno kumwamba, mchira pansi. Mumalowera kumbuyo, ndipo mukalowa mumakwera chitunda m'kati mwa ndege momwemo." Ife kuseka! Chitunda m'ndege? Mayi anga amachita kuwauza kuti achimwene, ana mudzawaphunzitsa bodza. Iwo osatekeseka, amapitiriza, amati injini imayamba ndi kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe, kho, kho, utsi tolo, kenako inzake, kenako thupi lonse kunjenjemera mpaka mano kuombana. Amuna akuluakulu, ena a ndevu, kugwirana manja, wina kuyamba nyimbo ya kutchalitchi. Kukatera ku Francistown, ku Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka kuno.

Msuweni, nditaima pafupi ndi Dakota ija ndinaona kawilo kakang'ono kumchira, mawilo akuluakulu kutsogolo, mphuno ili kumwamba, khomo lili kumbuyo. Chitunda chija chilipo. Sananame. Zaka zonsezi, sananame. Ndinangokhala pansi penapake pomwepo, misozi mbwembwembwe, mlonda kubwera kudzandifunsa m'Chizulu ngati ndadwala.

Dikira... ketulo. Eya, ndazimitsa.

Ndimati chiyani? Malume. Atabwera ku kontirakiti yachiwiri anabwera ndi chithumba chachitsulo chija chimene mpaka lero chili kuchipinda kwa agogo, chimene tinakanganirana pamaliro paja, tisayambenso. Mabulangete, wailesi, njinga, suti ya mwana. Mwanayo ndi achimwene a ku Ndirande. Achimwene, mukumva? Musakane, nkhaniyi anandiuza ndi mayi anu. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo awo sankawadziwa. Atangoona munthu wa chipewa akulowa pabwalo anathawira pansi pa nkhokwe. Kuwaitana, zii. Kuwapatsa masiwiti, amalandira ndi manja awiri atagwada, n'kuthawanso. Akafuna kunena za bambo awo amati "alendo aja". Alendo aja adzuka? Alendo aja apita liti? Malume anawaveka suti, nsapato, chipewa chaching'ono, mwana kuoneka ngati kalaliki wa kwa DC, koma pakamwa pali tsekee. Milungu iwiri. Akuti malume anayamba kukhala kuseri kwa nyumba okha, wailesi ili pamwendo osaitsegula, munthu woti kumgodi ankatsika pansi pa nthaka osaopa.

Ndiye tsiku lina m'mamawa, osauza munthu, anamanga chiguduli pakaliyala, kumunyamula mwana, kumukhazika, ulendo. Kuchokera kwathu mpaka ku Chileka panjinga, ukudziwa wekha mtunda wake ndi zitunda za m'njiramo. Anakaima pawaya. Tsiku lonse. Anagula nzimbe, akusenda, akumupatsa, osalankhula kanthu. Ndege zinatera ziwiri zokha tsiku limenelo. Yachiwiri itatera, mwana osatembenuka n'komwe, maso ali kuwaya, anangoti: "Inuyo munakwera ngati imeneyo?" Funso loyamba. Malume akuti anangoti eya. Mwana: "Simunaope?" Iwo: "Ndinaopa kwambiri." Basi. Pobwerera mwana anagona pakaliyala, malume kuvula malaya n'kumumangirira kumsana kwawo kuti asagwe, anafika kumudzi ndi vesiti yokha dzuwa litalowa, azakhali atasonkhanitsa kale anthu kuti mwana wasowa. M'mawa mwake mawu oti alendo anali atatha.

Ndipo usaiwale kuti ndege zimenezi zinawadyera mnzawo. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela, osati Dakota, ija yaikulu ya mainjini anayi, DC-4, inagwa ku Francistown itangonyamuka kumene, ikubweretsa anthu kumudzi atamaliza kontirakiti, katundu wawo ali momwemo. Anafa anthu 78, ndipo 74 anali a Malawi. Mmodzi anali wogona nawo chipinda chimodzi kukomponi. Malume nthawiyo anali kumudzi akukonzeka kukalembetsanso, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi, iwo sanakwerenso ndege mpaka imfa yawo. Anakhala chaka osatchula za ndege. Koma kenako anayambiranso, ndipo aliyense wa ife akafika msinkhu womvetsa zinthu amamutengera ku Chileka, mmodzimmodzi, osati gulu. Ine ndinapita. A ku Ndirande anapita kangapo. Mng'ono wanga anapita n'kusanza panjinga. Iwe wekha... eee. Iwe unabadwa mochedwa, chifuwa cha kumgodi chija chinali chitawagwira, chitunda samathanso kupalasa. Ndipo bambo ako iwe, chabwino, tonse tikudziwa. Sindikunena zoipa za omwalira.

Ndiye tamvera, msuweni wanga. Ine Lamulungu lija munabwera kwathu ndinaona. Mnyamata anakhala kunsonga kwa mpando ngati ali ku ofesi ya ahedi. Ukamufunsa kanthu amati "eya" maso ali pansi. Nsima anadya mothamanga ngati ailandidwa. Unamusiya ali ndi zaka zitatu, agogo amulera mpaka khumi ndi chimodzi, wabwera pabasi masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, kudzafikira kwa munthu amene amamudziwira pafoni. Wamugulira foni, wamugulira nsapato zodula, ndaziona, n'zokongola. Ndi suti ija imeneyo. Koma iwe uli panja ukulankhula ndi alamu ako, ndinamupempha kope lake la sukulu kuti ndione mmene akulembera, kumapeto kwake ndi ndege zokhazokha. Zazikulu, zazing'ono, zina mawilo atatuluka. Akuti ku Tembisa amakhala pachitini kuseri kwa nyumba kuwerenga zimene zikutsikira ku bwalo la ndege la OR Tambo. Iwenso unaliona kopelo, usanditsutse, ndiye chifukwa chake wafunsa za malo amenewa. Maso uli nawo. Chakusowa ndi mtima wokhala naye awiriwiri, ukuopa kuti mukakhala chete tsiku lonse.

Ine sindimutenga. Umutenge ndiwe.

Ndamva kale zimene ukung'ung'udza uko. Ukuti Loweruka ndimagwira mpaka masana. Pempha. Unapempha pa mpira wa Flames uja, tonse tinaona zithunzi uli ndi mbendera kumutu, ndiye usandiuze kuti abwana ako ndi ovuta. Ukuti zolemba za pamenepo ndi Chingerezi chozama. Mnyamata akuwerengera, ndipo akakondwa kuti pali chimene akuthandiza bambo ake. Ukuti sindidziwa za ndege. Malume ankadziwa chiyani? Sitandade 3 sanamalize. Iwe ukangomuimitsa pa Mosquito paja n'kumuonetsa mmene anapindira thabwa, pamenepo ndi pako, palibe angakupose. Ukafika pa Dakota umuuze za chitunda, umuuze kuti agogo ake aakulu anakwera yoteroyo ndipo anaopa. Akakufunsa ngati anthu akuda analiko kunkhondo imeneyo, uti analiko. Asilikali athu a KAR, King's African Rifles, anafika mpaka ku Burma mu 1944, ndipo chipilala cha asilikali cha ku Zomba anachionapo ali ndi agogo. Akuno sankaloledwa kugwira mfuti, koma panali Job Maseko, wa kumigodi ya ku Springs, amene anagwidwa ku Tobruk, ku Libya, mu 1942 n'kumiza sitima ya adani padoko ndi bomba limene anapanga m'chitini cha mkaka. Mwana wa zaka zimenezo nkhani ya chitini sangaiwale. Zikakuthera, khala chete. Chete wa anthu awiri oyang'ana chinthu chimodzi savuta ngati wa m'chipinda chija mumayang'anizana.

Ndiye ndalama zako sunga, ukamugulire chakumwa. Usatenge anzako a kutchalitchi, usatenge mwana wa aneba kuti azicheza naye, ndikukudziwa iwe, ufuna pobisala. Awiri basi, iwe ndi mwana wako. Ndipo foni ikhale m'thumba, makasitomala a makabati adikire.

Achemwali a ku Kempton, ndaona mwayamba kulemba, musadzipereke kuti mumutenga ndinu pagalimoto. Ayi. Akwere takisi, apanikizane pampando wakumbuyo, asochere pang'ono pozungulira zuu, afunse njira limodzi.

Eee, galu wayamba kuuwa, ndiye kuti abwana afika pageti, ndithamange. Msuweni, wamva? Loweruka lino, osati la mwezi wamawa ukalandira. Ine ndiphika mbatata Lachisanu usiku, mudzaitenge pakhomo la kumbuyo pokwera, ndikupatsirani pawaya. Koma sindikuperekezani, ngakhale mpaka pakona. Umugwire dzanja powoloka Jan Smuts, magalimoto a pamenepo saima.