Amalume, za atsikana ku sekondale zija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona pagulupa. Mwafunsa ngati ndi zoona zomwe mwamva pa wailesi, zoti masiku ano atsikana achuluka kuposa anyamata m'masukulu a sekondale padziko lonse, ndiye achemwali akuyankhani kuti amenewo ndi mabodza a mabungwe ofuna ndalama. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula, mumvetsera mukapeza mpata.

Eee, padziko lonse sanawapose ayi, koma atsala pang'ono kufanana. A UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, omwe ofesi yawo yosonkhanitsa ziwerengero ili ku Montreal m'dziko la Canada, amaonetsa kuti mwa ophunzira 100 aliwonse a sekondale, atsikana ndi pafupifupi 48. Ndiye musathamangire kunena kuti bwanji sanafike 50. Pobadwa penipeni ana aamuna amachulukirapo, pa atsikana 100 pamabadwa anyamata pafupifupi 105, ndipo ku China ndi ku India kusiyanako n'kokulirapo chifukwa mabanja ena amafunitsitsa mwana wamwamuna. Choncho ngakhale mwana aliyense atalowa m'kalasi, atsikana angafike 49 basi. 48 ameneyu si wonyozeka.

Kale sizinali choncho. Cha m'ma 1970 ku India atsikana sankafika ngakhale mmodzi mwa ophunzira atatu aliwonse a sekondale, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa zinali chimodzimodzi. Maboma anayamba kulonjezana pamisonkhano, ku Jomtien m'dziko la Thailand mu 1990, kenako ku Dakar m'dziko la Senegal mu 2000, komwe anati pofika 2005 kusiyana kwa anyamata ndi atsikana ku pulayimale ndi ku sekondale kukhale kutatha. 2005 inafika, inadutsa, maiko ambiri asanakwanitse. Misonkhano ija ine sindiipatsa ulemu wonse, amalume. Zomwe zinasinthadi zinthu ndi zogwirika, zokhudza thumba la kholo ndi mtunda umene mwana akuyenda.

Tengani Bangladesh. Mu 1994 boma linayamba kulipirira fizi atsikana akumidzi m'dziko lonse, n'kumawapatsanso kandalama kapamwamba. Koma panali malamulo atatu: azipezeka m'kalasi masiku 75 pa 100 aliwonse, azipeza mamalikisi osachepera 45 pa 100, ndipo asakwatiwe asanalembe mayeso omaliza kapena asanafike zaka 18. Mwaona nzeru yake? Bambo amene ankawerengera zomukwatitsa mwana ali ndi zaka 14 anayamba kuwerengera mwina. Lero ku Bangladesh atsikana ndiwo ochuluka ku sekondale. Ku Bihar, chigawo china cha India, mu 2006 boma linangopereka ndalama yogulira njinga kwa mtsikana aliyense wolowa kalasi ya 9, yoyamba ya sekondale kumeneko, poti sukulu zinali kutali ndipo makolo ankaopa kutumiza mwana wamkazi wapansi. Atsikana anawonjezeka m'makalasi chifukwa cha njinga chabe. Kwina anachotsa fizi kwa onse, monga Uganda mu 2007 ndi Ghana mu 2017, chifukwa ndalama ikachepa pakhomo, kawirikawiri wotsala kunyumba amakhala mtsikana.

Tsopano apa ndi pomwe achemwali ali ndi mfundo, ngakhale ayiika molakwika. Chiwerengerochi si chabodza, kungoti chimabisa zambiri. Tiyerekeze dera lili ndi anyamata 100 ndi atsikana 100 a msinkhu wa sekondale, koma malo alipo 20 okha. Asankha anyamata 10, atsikana 10. Lipoti linena kuti theka la ophunzira ndi atsikana, anthu aombe m'manja. Nanga atsikana 90 aja ali kuti? Ali kunyumba, ena ali kale ndi mwana kumbuyo. Peresenti imeneyi imangoyerekeza amene alowa, otsala panja siiwaona n'komwe.

Chinanso, nthawi zina atsikana amaoneka ochuluka chifukwa anyamata ndi amene athawa. Ku Lesotho zakhala choncho kwa zaka zambirimbiri: mwana wamwamuna amapita kumapiri kukaweta ziweto, akakula ankalowera kumigodi ya ku South Africa, sukulu n'kutsalira alongo ake. Ku Mongolia nakonso ndi nkhani ya ziweto yomweyo. M'maiko ambiri a ku Latin America ndi ku Caribbean anyamata amasiyira sukulu panjira kukasaka maganyu. Wina akamanena kuti atsikana apambana kumeneko, ine ndimati ayi, kumeneko ataya anyamata. Mwina wa pa wailesi uja amanena za maiko amenewa, n'kungophatikiza dziko lonse.

Ndiye mukatembenukira ku Chad, South Sudan ndi Central African Republic, atsikana akadali ochepa kwambiri, ndipo akamakwera makalasi amanka nachepera. Izi muzizionetsetsa, amalume: m'makalasi oyamba a sekondale mumatha kupeza chiwerengero chofanana, koma pofika kalasi yomaliza mipando ya atsikana yatsala yopanda anthu. Zaka zimenezo ndi zomwe kumabwera ukwati ndi pathupi. Ndipo maboma ena ankachita kuwathamangitsa okha. Ku Sierra Leone mtsikana woyembekezera sankaloledwa m'kalasi mpaka khoti la ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa, linagamula mu December 2019 kuti kumeneko n'kuphwanya ufulu wake, boma n'kuchotsa chiletsocho mu March 2020. Tanzania inalola amayi achichepere kubwerera kusukulu mu November 2021. Dzulodzulo lomweli. Komabe kuchotsa lamulo papepala n'kosavuta, nanga mwanayo amulera ndani mayi ake ali m'kalasi, ndipo anzake akamamuseka apirira masiku angati?

Komanso musaganize kuti chiwerengero chikakwera ndiye chakwereratu. Ku Afghanistan atsikana anadzaza m'masukulu kuyambira 2002, kwa zaka pafupifupi 20. A Taliban atatenga boma mu August 2021, mwezi wotsatira anatsegulira anyamata okha sukulu za sekondale. Mu March 2022 analengeza kuti atsikana abwerere, ana anavala, anafika pageti, tsiku lomwelo anawabweza. Mtsikana kumeneko amalekezera kalasi ya 6. A UNESCO amati ndi dziko lokhalo padziko lapansi loletsa atsikana ku sekondale, ndipo oletsedwawo adutsa 1 miliyoni.

Achemwali, mukamvetsera musandikwiyire, mundiyankhe pomwepa. Amalume, mupereke moni kwa onse kunyumbako.