Funsani Ankolo: Gemu unaimaliza kale, ukuyambiranso chifukwa chani?

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Kasungu, ndipo ngati munachita kupangana, pafupifupi onse akukamba za ma RPG, magemu aja oti iweyo umakhala munthu wa mu stori, umakwera ma levo, umasankha zoyankha ndi mbali yomwe uime. Ndasankhapo anayi.

FUNSO: Ankolo, ine ndimakonza mafoni pa Kasungu boma. Skyrim ndinaimaliza chaka chatha pa laputopu, Alduin, chinjoka chomwe ndi bosi womaliza, ndinamupha, koma pano ndayambiranso. Anzanga akuti ndikungotaya nthawi, akuti gemu ukadziwa mathero ake nde kuti yatha basi. Komanso chikundibowa ine mwini ndi choti ndinati ulendo uno ndikhala wamatsenga koma ndapezeka ndagwiranso uta ndikumabisalira adani ngati poyamba paja. Ndisiye? Mnyamata wa pa boma.

YANKHO: Usasiye mphwanga. Anzakowo uwafunse kaye kuti mpira wa pa PS womwe amamenya tsiku ndi tsiku, Real Madrid ndi Barcelona yomweyomweyo, unatha liti? Amabwererako chifukwa gemu iliyonse imayenda mwina. RPG yabwino ili chimodzimodzi, kungoti kusintha kwake umakuona pakatha masabata osati pa mphindi khumi.

Skyrim inatuluka mu November 2011, anaipanga a Bethesda, ndipo mpaka lero anthu akuiseweranso. Sikuti sadziwa kuti Alduin amagonja ayi. Gemuyi anaimanga mwadala kuti munthu asaone zonse pa ulendo umodzi. Pa Helgen pomwepo chinjoka chikuotcha mudzi umasankha kuthawa ndi Hadvar kapena Ralof, kenako pa nkhondo ya pachiweniweni ija umalowa kwa ma Imperial kapena ma Stormcloak, sungakhale konse konse. Ukapita kwa Ulfric, mtsogoleri wa ma Stormcloak, umakaukira Whiterun, mzinda womwe unakulandira uli mlendo wopanda kalikonse, ndipo Jarl Balgruuf, mfumu ya mzindawo, akamagonja amakuuza maso ndi maso kuti sankayembekezera zimenezo kwa iwe. Ukakhala mbali inayo umauteteza mzinda womwewo. Nkhondo ndi imodzi koma mumtima sizimveka mofanana olo pang'ono. Nde pali za Dark Brotherhood, gulu lopha anthu pa ganyu, ambiri amangolowa gululo chifukwa mtsogoleri wake Astrid akakutsekera mu kanyumba kaja nkukuuza kuti uphe mmodzi mwa anthu atatu omangidwa aja umaona ngati njira ndi yomweyo basi, koma ukhoza kutembenuka nkumupha Astrid yemweyo, anthu aja nkuwamasula, ndipo mishoni imasintha nkukhala yokathetsa gulu lonse. Paarthurnax naye, chinjoka chokalamba chomwe chimakuthandiza, a gulu losaka zinjoka la Blades amati umuphe, koma stori yaikulu umaimaliza bwinobwino osamukhudza. Ngati zonsezi unazichita mbali imodzi, pali Skyrim ina yomwe sunaioneko.

Za uta zija usadabwe, si iwe wekha, ndi mmene gemu ilili. Mu Skyrim luso limakwera ukamaligwiritsa ntchito, ndipo muvi woponya uli chobisala umapweteka kawiri, ukatenga perk yake, luso lapadera lomwe umasankha ukakwera levo, umapweteka katatu. Pomwe wamatsenga kumayambiriro magicka, mphamvu yochitira matsenga, amamuthera msanga, wathira moto pang'ono basi nkumathawa. Nde ukakumana ndi mdani wovuta dzanja limapita lokha ku chomwe unachizolowera, kamodzi kawiri, Archery ndi Sneak, luso la uta ndi lobisala, zakwera, wabwerera mwakale. Mankhwala ake ndi kudziikira malamulo usanayambe. Uta uliwonse ukautola gulitsa. Sankha High Elf chifukwa amayamba ndi magicka 50 oonjezera, pa miyala itatu ija ya panjira yopita ku Riverwood gwira Mage Stone, tenga Lydia, msilikali wokuperekeza, azikutchingira kutsogolo, kenako kwera ngolo pa khola la mahatchi ku Whiterun upite ku Winterhold msangamsanga ukalowe koleji. Ma levo khumi oyamba uvutika, zimenezo vomera.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna ugwire ndi ichi, usangosintha chida, sintha munthu. Usanadine New Game khala pansi uganize kuti ameneyu ndi ndani, amaba kapena sangakhudze cha mwini olo atagona ndi njala, amakhulupirira mulungu Talos kapena ayi, akamva mwana akulira amaima kapena amangodutsa. Ukatero mayankho ena omwe kale unkawadumpha uyamba kuwadina, ndipo pamenepo mpomwe gemu imakhala yatsopano. Ine kwanga RPG ndimaiweruza pa ulendo wachiwiri. Ngati ndasintha munthu koma dziko likundiyankha chimodzimodzi ndimadziwa kuti zosankha zija zinali zongokongoletsa. Laputopu yako ngati ikukwanitsa Skyrim ikwanitsanso Fallout: New Vegas ya 2010 ya a Obsidian, imeneyo pa nkhani iyi ndi katswiri, kumapeto ukhoza kuima ndi NCR, ndi Caesar's Legion, ndi Mr House kapena kutenga mzinda wekha mothandizidwa ndi Yes Man, ndipo olo nzeru za munthu wako ukaziika zochepa mayankho ena amasintha.

FUNSO: Ankolo ine ndilibe laputopu, ndimasewera pa foni ndi PPSSPP, app yosewerera magemu a PSP. Ndinamaliza Crisis Core ndipo ndinalira zenizeni. Ndikufuna kuyambiranso koma ndikuopa kuti sindimvanso kanthu poti ndikudziwa kale zomwe zichitike. Komanso bandulo ndi yovuta kuno, sindingamatsitse gemu yatsopano mwezi uliwonse. Mtsikana wa ku Nkhamenya.

YANKHO: Amene simunamalize Crisis Core dumphani ndime iyi. Chemwali, gemu imeneyo inatuluka pa PSP, kamakina ka magemu ka m'manja, mu 2007, patatha zaka khumi Final Fantasy VII ya 1997 itatuluka, ndipo anthu omwe anasewera yoyambayo ankadziwa kale kuti Zack, munthu yemwe umakhala mu gemuyi, safika ku mzinda wa Midgar wamoyo. Anaigula akudziwa, anaisewera akudziwa, analira ndithu. Nde kudziwa mathero sikuichotsera mphamvu, anaipanga kuti iseweredwe ndi munthu wodziwa. Ulendo woyamba maso ako anali pa kumenya ndi kufuna kudziwa chotsatira. Ulendo uno uona zina, mmene Angeal, mphunzitsi wa Zack, amalankhulira za ulemu asanasinthe, mmene Zack amakumanirana ndi Cloud ali kamsilikali wamba wamanyazi, timalonjezo ting'onoting'ono kwa wokondedwa wake Aerith tomwe iwe ukudziwa kale kuti sitikwaniritsidwa. Ndi zithunzi zozungulira zija za DMW zomwe mwina unkaziona ngati zosokoneza pomenya nkhondo, pano uzidziwa kuti ndi zokumbukira za Zack ndipo pa nkhondo yomaliza zimazimiririka chimodzichimodzi. Sikumva komwe unamva poyamba, kudzidzimuka kuja sikubwerera, ndisakunamize. Koma kumabwera kwina kolemera kuposa.

Langizo langa usayambe mawa. Ipatse miyezi ingapo kuti tina uiwale. Pakadali pano ngati ungapeze gemu imodzi yokha yoti ikusunge nthawi yaitali, funa Persona 3 Portable ya 2009. Imeneyo poyamba umasankha kukhala mnyamata kapena mtsikana, ndipo mbali ya mtsikana ili ndi ma Social Link ena, kutanthauza maubwenzi omwe umapanga mu gemumo, nyimbo zina, ngakhale anzako a mu gulu umawadziwa mwa njira ina. Imayendera kalendala ya chaka cha sukulu, tsiku likapita lapita, ukacheza ndi uyu nde kuti uyo wamusiya, choncho pa ulendo woyamba n'kovuta kwambiri kumaliza maubwenzi onse. Bandulo imodzi, magemu awiri athunthu. Kungoti samala ndi masamba a pa intaneti omwe amakuuza kuti uike kaye app ina kuti fayilo itsike, kumeneko nkomwe mafoni amatengera mavairasi.

FUNSO: Zikomo Ankolo. Mwana wanga ali Fomu 3 ndipo ali ndi gemu ya Pokémon pa foni. Anandiuza yekha kuti anaimaliza, koma ndikuona akuseweranso yomweyo, nthawi ino yosankha fodya pomwe manja akufunika pakhomo. Tsiku lina anakhumudwa tsiku lonse akuti kanyama kake kafa. Kodi mutu wake uli bwino? Mayi wa ku Chamama.

YANKHO: Mayi, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanalande foni. Kubwereza kokhako kusakudetseni nkhawa. Ana omwewa ali aang'ono ankapempha agogo nthano yomweyo ya Kalulu usiku uliwonse akudziwa bwino mmene ithere, chinkawakoka ndi kukhalanso mkati mwake. Pokémon inayamba ku Japan mu 1996, ndipo kuyambira pachiyambi anaipanga kuti usankhe kanyama kamodzi mwa titatu, tiwiri totsalato nkutisiya, nde mwana akamaliza amafuna aone kuti akanatenga kena zikanayenda bwanji. Zoti kanyama kafa zija zikundiuza kuti mwina akusewera mwa malamulo otchedwa Nuzlocke, omwe osewera amadziikira okha. Pa dera lililonse amaloledwa kugwira kanyama koyamba kukumana nako basi, ndipo kakagonja pa nkhondo amakatenga ngati kafa, sakagwiritsanso ntchito, pomwe mu gemu wamba akanangokapititsa kuchipatala cha mu gemumo nkuchira. Mwana amene wasunga lamulo lotere palibe womuyang'anira, kanyama komwe wakalera masabata nkukasiya chifukwa anadzilonjeza, ameneyo mutu wake ukugwira ntchito. Ndipo magemu amenewa ndi owerenga Chingerezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Koma nkhawa yanu ya ntchito ndi sukulu ndi yoona ndipo sindikuichepetsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la kukodwa ndi magemu pa mndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022. Zomwe amayang'ana si kuchuluka kwa maulendo omwe munthu wabwereza gemu ayi. Amayang'ana ngati akulephera kudziletsa, ngati gemu yaposa china chilichonse pa moyo wake, ngati akupitiriza ngakhale zikumuonongera sukulu kapena ubale, ndipo kawirikawiri zikhale zatenga miyezi 12. Nde inu onani tulo take, magiredi ake, ngati akudya ndi anzake pamodzi, ngati akupitabe ku mpira. Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, mukhale naye pansi mugwirizane nthawi, fodya kaye, homuweki kaye, foni pambuyo, ndipo usiku izigona kuchipinda kwanu makamaka chaka chamawa cha MSCE. Dziwaninso ichi chikuthandizeni, Pokémon amatha kuseva pafupifupi paliponse bola asakhale pakati pa nkhondo, nde akati ndimalize kaye, mphindi zisanu zakwana. Mumufunsenso dzina la kanyama kanafa kaja, muona mmene atsegukire.

FUNSO: Ankolo laputopu yanga inafa Windows, anaiflasha, sevu yanga ya The Witcher 3 yapita yonse ndili pafupi kumaliza. Ndiyambirenso kapena ndingoonera mathero pa YouTube? Komanso New Game Plus ndi chani? Wa ku Santhe.

YANKHO: Pepa aise, zimawawa zimenezo. Koma YouTube ayi. The Witcher 3 ya 2015, ya a CD Projekt Red a ku Poland, ili ndi mathero akuluakulu atatu a Ciri, mtsikana yemwe Geralt anamulera, ndipo omwe upeze amadalira tizinthu ting'onoting'ono ta mmene Geralt, yemwe ndi iweyo mu gemumo, amakhalira naye, ngati amamudalira kapena amangomulamula, ngati amamusangalatsa akakhumudwa. Ukaonera pa YouTube uona mathero a munthu wina. Yambiranso, ndipo poti njira ukuidziwa ufulumira. Ku Velen pa nkhani ya Bloody Baron yesa kusankha mosiyana pa mzimu wa mu mtengo uja uone zomwe zichitikire banja lake ndi ana aja, pa zachikondi, pakati pa Yennefer ndi Triss sankha mmodzi ndipo uime pomwepo chifukwa ukawanamiza onse awiri umatsala wekha.

New Game Plus ndi kuyambanso stori koma uli ndi mphamvu ndi katundu wa ulendo woyamba. Dzinali linatchuka ndi Chrono Trigger ya 1995, yomwe ili ndi mathero oposa khumi malinga ndi nthawi yomwe wakamenyera bosi womaliza. Mu The Witcher 3 imafuna sevu ya gemu yomalizidwa, umasunga levo, zida ndi ndalama koma makadi a Gwent, sewero la makadi la mu gemumo, umayamba kutoleranso, ndipo adani nawo amakwezedwa mphamvu. Nde kwa iwe pakadali pano sizitheka, uyenera kumaliza kaye. Skyrim ilibe zimenezi, Dark Souls ndi Elden Ring zili nazo.

Ndipo nonse amene mwalemba mwezi uno chitani ichi lero lomwe, poti magetsi kwathu kuno amatha kuzima uli pakati poseva fayilo nkuonongeka. Musamaseve pa malo amodzi, muzisinthasintha ma slot atatu kapena anayi. Pa laputopu sevu ya The Witcher 3 imakhala mu Documents, foda ya The Witcher 3, mkati mwake gamesaves. Ya Skyrim ili mu Documents, My Games, Skyrim, Saves. Pa foni ya PPSSPP pitani mu foda ya PSP mupeza SAVEDATA, ndipo muzidalira kuseva kwa mu gemu mwenimweni chifukwa ma save state, kuseva kwachangu kwa app ija, nthawi zina amakana mukasintha veshoni ya app. Mafoda amenewa ambiri ndi aang'ono, akopereni pa flashi kapena pa memori khadi Lamlungu lililonse, ndipo musanapereke makina kwa wokonza muuzeni asaflashe musanachotse zanu.